Galu Wanga pa Mzere wa Katemera

Tsiku la katemera wa chiwewe ndinapita ndi galu wathu pabwalo la sukulu ku Chinsapo, nditamumanga ndi chingwe choyanikira zovala. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, agalu akuuwana mbali zonse. Titatsala pang'ono kufika kutsogolo, chingwe chija chinaduka, galu n'kuliyatsa liwiro.

"Muitaneni, bambo," anatero dokotala wa ziweto, jakisoni ali m'manja. "Dzina lake ndani?"

Dzina anali nalo, lachizungu, limene ndinamupatsa ali kamwana. Ndinaitana mpaka mawu kusasa, ndinaimba ndi likhweru lomwe, koma sanacheuke n'komwe. Anakaima pa beseni la mayi wina wogulitsa mandasi n'kuyamba kununkhiza. Mtima unandipsa, ndipo ndinakuwa kuti, "Choka!"

Galu anatembenuka pomwepo, n'kubwera chothamanga akugwedeza mchira, kudzakhala pamapazi panga. Mzere wonse unafa ndi phwete.

Dokotala uja sanaseke. Atamubaya galuyo, anandiuza motsitsa mawu kuti galu amagwira liwu limene amalimva pa nthawi ya chakudya. Sananame. Kunyumba, akayandikira pakhonde ife tikudya, ndinkamuponyera fupa uku ndikukalipa kuti choka. Kupatula apo, ndinalibe naye mawu ena.

Pobwerera ndinazemba msewu waukulu, n'kudzera tinjira ta kuseri kwa mipanda nditazyolika, iye akunditsatira popanda chingwe. Zaka zonsezo ine ndinkamuthamangitsa, iye ankayesa ndikumuitana.