Achimwene Ankadikira Apulofesa Anga

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu, chifukwa anthu a ku Chikanda amati ndimakokomeza nkhani. Yoyamba ndi wometa tsitsi amene shopu yake inagundana ndi yanga. Yachiwiri ndi alamu anga, akazi a achimwene. Yachitatu ndi makina anga a fotokope, amene salankhula komanso sanama.

Zaka zimenezo ndinali ndi kashopu kosindikiza ndi kumanga mapepala pafupi ndi koleji. Kasitomala wanga wamkulu anali mayi ena, apulofesa, amene ankafufuza za khansa ya pakhosi, ija imatseka njira ya chakudya. Mayiwa ankalemba. Mapepala awo onse mukanawasanjikiza m'munsi mwa Phiri la Zomba, mukanakwerapo n'kukatunga madzi ku damu la Mulunguzi osatuluka thukuta. Ndinayeza ndekha, ndikulumbira pali manda a bambo anga. Makina anga akangomva galimoto yawo ikuima panja ankayamba kutentha okha.

Ophunzira ankandiuza kuti kunja kwa dziko lino munthu sangalembe za matendawa osatchula mayiwa. Akuti ulemu wa akatswiri uli pamenepo, amawerenga kuti dzina lako latchulidwa kangati m'zolemba za anzako. Ine ndinati ndiye kuti nanenso ndine wotchuka, pakuti sitepulo iliyonse pa mapepalawo inali yanga.

Koma pa ntchito yathuyi sitiwerenga zimene tikumanga. Timaona ngati inki yagwira, ngati masamba ali m'dongosolo, basi. Ukayamba kuwerenga, mzere wa makasitomala ukafika kumsika. Ndinamanga kafukufuku wa mayiwa zaka zambiri, ndipo chimene ndinkadziwa chinali chakuti amakonda chikuto cha buluu.

Achimwene anga ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini kuphiri. Anali munthu wakudya. Ankatha dengu la mbatata n'kufunsa ngati kadzutsa wapsa, ndinaona ndi maso angawa. Chaka china mvula itangosiya, alamu anatsika kudzandiuza kuti achimwene akukanika kumeza nyama, ikumaima pachifuwa. Ankafuna kupita nawo kuchipatala mawa lake.

Ndine ndinawaletsa. Ndinati kuchipatala popanda womudziwa mukakhala pabenchi mpaka benchiyo ikuzolowereni, n'kubwerako ndi timapilisi ta mutu. Ife tili ndi munthu wathu, mwini wake wa matendawa, amene azungu amaimirira akamalowa. Ukakhala ndi wodziwana naye sulowera khomo la aliyense. Tidikire apulofesa. Alamu anavomera, poti ine ndinali wa m'tauni.

Apulofesa anali kunja, kumsonkhano. Atachoka kumeneko anawaitanira kwina kukaphunzitsa miyezi ingapo. Nambala yawo ndinali nayo, koma matenda a m'bale wako suuza munthu wamkulu pafoni ngati ukuitanitsa makala. Umapita wekha, chipewa m'manja. Ndinadikira.

Achimwene anasiya nyama, kenako mbatata, kenako mpunga. Pofika nyengo yozizira anali pa phala lamadzimadzi, alamu akulisefa ndi sefa ya tiyi. Ntchito ya matabwa inaima. Lamba wawo tinamuboola mabowo atsopano mpaka anatsala pang'ono kuzungulira kawiri. Apa sindikuwonjezera kanthu, lambayo alipo. Iwo ankangoseka n'kumati ndalama ya ndiwo ikupulumuka.

Apulofesa anabwera kutayamba kutentha, atanyamula mapepala ena oti ndimange. Ndinawapatsa mpando, ndinawafunsa za ulendo, ndinayamikira nsapato zawo, kenako ndinafotokoza. Anandifunsa kuti zinayamba liti. Nditatchula mwezi, anavula magalasi.

"Bambo, bwanji simunapite nawo kuchipatala?"

"Timadikira inuyo, mayi."

"Ine sindiona odwala. Ndimawerenga mafayilo awo, ambiri atamwalira kale."

Anatambasula dzanja n'kutenga pa shelefu yanga kabuku kamene ndinawamangira chaka chinacho, makope ochuluka, koti kagawidwe m'midzi. Kanali m'Chichewa. Anatsegula tsamba loyamba n'kundipatsa. Linati munthu akayamba kuvutika kumeza asadikire, apite kuchipatala sabata yomweyo. Zilembo zake zinali zazikulu, zakuda bwino. Inki inagwira.

Mayiwa sanandikalipire. Anaimba foni pomwepo, ndipo mawa lake galimoto yawo inakwera phiri kukatenga achimwene. Ku Blantyre madokotala anawaunika n'kunena kuti chotupa chakula, kuchichotsa sikungatheke. Anawaika kapaipi pakhosi kuti chakudya chizidutsako.

Achimwene atabwerera kunyumba anapempha nyama ya mbuzi. Alamu anaiphika mpaka inaiwala kuti inali mbuzi, n'kuisinjanso mu mtondo. Achimwene anameza masipuni anayi, ife tikuwerenga ndi maso. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe, apulofesa akowo ndi akatswiri ndithu. Ukawathokoze."

Sindinawauze za kabuku. Alamu ndinali nditawauza, ndipo nawonso anatseka pakamwa. Achimwene anamwalira mvula yoyamba isanagwe, akukhulupirira kuti mng'ono wawo anawapezera dokotala wamkulu kuposa onse m'Malawi muno. Pamaliro abusa ananena zomwezo, anthu n'kutembenuka kundiyang'ana mwaulemu, ine n'kuweramitsa mutu.