Mitu Itatu ya Aphunzitsi a Gondwe

Lachiwiri m'mawa aphunzitsi a Gondwe, anansi anga kuno ku Mangochi, anandigogodera ali wefuwefu, kalata ili m'manja. Mayi wa ku Namwera amene akhala akulemberana naye chaka chathunthu osaonana wavomera ukwati. Akubwera Loweruka pa basi.

Mlandu wake ndi wanga. Mwezi watha mayiyo anapempha chithunzi. Tsono a Gondwe m'makalata ali ndi zaka makumi atatu, pamene dazi lawo likunena zina. Anathamangira kwa ine podziwa kuti ndili ndi kamera komanso misala yojambula nyenyezi.

"Achimwene, mundijambule usiku, nyenyezi zili kumbuyoku. Azimayi amazikonda zimenezo."

Ndinawafotokozera kuti mumdima diso la kamera umalitsegula kwambiri, ndiye limasankha. Likaona bwino nyenyezi, munthu wapafupi amasanduka utsi. Komanso limakhala chitsegukire mphindi yathunthu, munthu osagwedera ngakhale pang'ono.

"Sankhani nyenyezizo," anatero msangamsanga.

Kodi munayamba mwaimapo chilili mphindi imodzi pakati pa udzudzu wa ku Mangochi? A Gondwe anavala suti, baji ya chipani pachifuwa, n'kuima pabwalo la sukulu ine ndikuwaunika ndi tochi. Anadziwomba mbama kawiri. Chithunzi chitabwera kuchokera kotsukitsa ku Blantyre, nyenyezi zinali ngwee, koma aphunzitsi anali ndi mitu itatu, yonse yosaoneka dazi. Baji nayo inasungunuka, choncho tinagwirizana kuti atcheyamani a chipanicho asachione.

Anatumiza chomwecho, mayi n'kuvomera.

Musawaseke kwambiri, anzanga. Tonsefe timakonda zakutali. Wa ku Joni akalemba mizere iwiri timasunga kalatayo m'sutikesi, koma amene amatifunditsira madzi osamba tsiku lililonse sitidziwa kuti anasintha liti duku. Mayi akunyumba andikumbutsa sabata ino kuti ndili ndi zithunzi za nyenyezi zodzaza katoni, chawo n'chimodzi, cha paukwati. Zinandichititsa manyazi.

A Gondwe tsopano sakudya. Akufuna ndikawaperekeze ku depoti, ati mwina basi idzachedwa mpaka kude.

"Nanga inu mukawazindikira bwanji?" ndinafunsa.

Anasolola chithunzi chimene mayiyo anaika m'kalata. Ndi cha phiri la ku Namwera, looneka bwino mwala uliwonse. Kutsogolo kwake kwaima utsi wovala chitenje.