Mulu Wachitatu M'chigafa

Mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi asanatulutsepo liwu. Kumva ankamva ndithu, koma ukamuitana ankayang'ana kumbali, ndipo phokoso likachuluka ankatseka makutu n'kuyamba kudzigwedeza. Nthawi imeneyo tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Nambuma, kwathu kuli ku Dedza. Sukulu yaulere itangoyamba ndinakamulembetsa, koma ana anali mbwee pansi pa mtengo, ndipo iye analira kuyambira belu loyamba mpaka ndinamubereka kubwerera naye. Sindinamupititsenso. Ine ndinalekezera sitandade 7, ndiye ndinati zochepa zomwe ndikudziwazo zimukwanira poyambira.

Ndinazindikira msanga kuti zinthu zikamayenda mofanana tsiku ndi tsiku, mtima wake umakhala m'malo. Choncho m'chilimwe, fodya atapita kumsika, m'mawa uliwonse tinkachita chimodzimodzi: kusukusula, kumwa phala, kenako kupita kuchigafa choyanikiramo fodya, kuseri kwa nyumba. Munali mthunzi ndi bata. Ndinkayala mphasa, tiwombe m'manja katatu, ndiyeno tiwerenge zitsekerero za mabotolo, ine kuponya chimodzi m'chitini, iye chimodzi. Pomaliza tinkaumba zilembo ndi dongo la kudambo n'kuziyanika.

Patapita milungu ingapo anayamba kugawa yekha zitsekererozo, koma ankagawa milu itatu: wanga, wake, ndi wina kumapeto kwa mphasa kumene kunalibe munthu. Ndikauchotsa, ankaubwezera. Ndikaponya changa, iye n'kuponya chake, ankapinda manja n'kuyang'ana kumapetoko, maso ali pamsinkhu wa mwana wokhala pansi. Ankadikira kanthawi, n'kugwedeza mutu ngati wakhutira. Ine mayi ake sanandiyang'anepo nthawi yaitali chotero.

Tsiku lina ndinali ndi changu chokatunga madzi, ndiye ndinatambasula dzanja kuti ndiponye msanga. Anandigwira mkono.

"Dikirani," anatero.

Linali liwu lake loyamba, lomveka bwino ngati la munthu amene wakhala akulankhula kalekale. Ndinayenera kululutira, koma thupi lonse linangochita tsemwe.

"Ndidikire yani, mwanangu?"

Iye ankangoyang'anabe kumapeto kwa mphasa. Kunja dzuwa linali phwee, njiwa zikulira kumunda. M'chigafamo munali zii.

Masana ndinawauza bambo ake. Anasangalala mpaka kumunyamula m'mwamba. Za mulu wachitatuwo anangoseka. "Mayi ake, ana amasewera ndi anzawo a m'mutu. Musadzivute." Koma m'mawa mwake anabwera, anaima pakhomo la chigafa n'kuonerera mpaka pamene mwanayo anapinda manja. Anachoka, ndipo kuyambira pamenepo popita kumunda ankalambalala chigafacho.

Kuchitsime ndinakumana ndi mayi ena a ku Mulanje amene anakhalitsa pa esitetipo.

"Kodi mwana uja mukuphunzitsira m'chigafa chija eti?" anandifunsa.

Nditavomera, anatula ndowa pansi. Anati tisanabwere ife, m'nyumba mwathumo munkakhala banja lina la kwawo. Anali ndi mwana wosayenda, ndipo makolo akamasoka fodya ankamukhazika m'chigafamo tsiku lonse. Anamwalira m'dzinja, anamuika kumalire a esiteti, ndipo fodya atatha makolowo anabwerera kwawo.

"Nayenso sukulu sanaione," anatero, akusenzanso ndowa.

Tsiku lotsatira ndinayala mphasa pakhonde. Mwana wanga anakana kukhalapo. Anakuwa, anadziluma dzanja, anaphwanya zilembo zonse zomwe tinaumba. Phala analikana. Masiku anayi zinali choncho, ndipo liwu lija silinamvekenso. Ndinaona kuti ndikutaya mwana wamoyo chifukwa choopa chinthu chimene sindinachione n'komwe.

Tsiku lachisanu ndinapemphera, ndinapinda mphasa, tinabwerera kuchigafa. Milu itatuyo ndinaigawa ndekha. Titaponya tonse awiri, ndinayang'ana kumapeto kopanda munthu kuja n'kunena kuti, "Tsopano ndi inu."

Mwana wanga anaseka. Ndinali ndisanamumvepo akuseka chotero.

Chilimwe chimenecho anaphunzira kuwerenga mpaka khumi. Anadziwa a, e, i, o, u. Anayamba kunena "madzi", kenako "amayi". Sindinganame kuti ndinaona kanthu. Zitsekerero za mulu wachitatu sizinasunthepo ine ndikuyang'ana. Kungoti m'mawa wina, pakati pa zilembo zomwe tinayanika dzulo lake, ndinapeza kang'ombe kadongo, kanyanga ndi linunda, kadakali kakawisi. Mwana wanga sankatha kuumba zotero, manja ake ankangopota dongo ngati nyongolotsi. Ndinafunsa m'nyumba zoyandikana nafe, palibe anavomera. Ndinakasiya pomwepo.

Patatha zaka ziwiri achibale a bambo ake anatipatsa munda ku Kasiya. Tsiku losamuka, katundu ali kale pangolo, mwanayo anatsika n'kulowa m'chigafa. Bambo ake anafuna kumutsatira, ine ndinawaletsa. Tinadikira padzuwa, ng'ombe zikupukusa mitu chifukwa cha ntchentche. Atatuluka anakwera yekha n'kukhala pamiyendo panga. Ngolo itadutsa malire a esiteti anayang'ana m'mbuyo.

"Wakana kubwera," anatero.

Bambo ake anamenya ng'ombe kuti zifulumire. Ku Kasiya tinapitiriza kuphunzira pakhonde, awiriwiri, mpaka ali ndi zaka khumi pamene tinapeza mphunzitsi wina wofatsa amene anavomera kumukhazika kutsogolo, pafupi ndi khomo, kuti phokoso likamukulira azitha kutuluka.