A Zikhale a Mthuthuthu

A Edwell Zikhale anayamba kukwera njinga yamoto ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, imvi zitayamba kale kuoneka m'mbali mwa makutu. Kwawo kunali kufupi ndi Nathenje, kumene anakulira m'nazale za fodya. Atamva kuti ku Lilongwe akumanga likulu latsopano ndipo akufuna anthu odziwa kulera mbande, anabwera m'tauni mu 1971 pamodzi ndi mkazi wawo Evelesi ndi mwana wawo Sophia. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 1, moyang'anana ndi khonde la sitolo pamene ine ndinkasokera zovala. Zambiri zimene ndikufotokoza pano ndinaziona ndili pa makina anga. Zotsalazo ankandiuza okha akabwera kudzasoketsa zigamba.

Ntchito yawo inali yoyendera mitengo imene inkabzalidwa m'mbali mwa misewu yatsopano, kuona imene yauma, imene mbuzi zabudula, ndi imene ikufuna madzi. Poyamba ankayenda pa njinga yakapalasa. Koma likululo linali lomwazikana: apa nyumba, kenako tchire, uko ofesi, kenako dambo. Dzuwa linkawalowera asanamalize ngakhale theka la mitengo yawo. Choncho kapitawo wawo, a Greenwell Nyasulu a ku Ekwendeni, anawapezera njinga yamoto yofiira ya kuntchito, nati awaphunzitsa okha.

A Nyasulu anali munthu wovala tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo anali atayendetsapo njinga zotere zaka zambiri m'misewu ya ku Mzimba. Anawaphunzitsa pabwalo la kuseri kwa nazale, kuzungulira migolo ya madzi. Sabata yachiwiri anawalola kulowa mumsewu, iwo akutsatira pambuyo pa njinga ina. Pakona pena malole anali atataya miyala ya kwale, ndipo mbuzi inatulukira m'tchire mwadzidzidzi. A Zikhale anafinya buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse. Tayala linatsetsereka, iwo n'kugwa cham'mbali, chigongono n'kusupuka.

A Nyasulu anaima, anawavula chisoti, n'kuwaonetsa pamene chinakwalika.

"Mwaona apa, a Zikhale? Ukanakhala mutu wanu umenewu."

"Ndaona, akapitawo. Koma mbuzi ija ndikanatani nayo?"

"Mbuzi mukanaiona kale mukanayang'ana patali. Inu mumayang'ana tayala lanu. Pamiyala ndi pamchenga pondani buleki yakumbuyo pang'onopang'ono, yakutsogoloyo muzingoigwira ngati dzira. Dzukani tibwerezenso."

Anabwereza pakona pomwepo kasanu. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo pafupi, sindinamvenso kuti agwa.

M'mawa uliwonse ndikamatulutsa makina anga, iwo amakhala atagwada kale pambali pa njingayo. Ankakanikiza matayala ndi chala chachikulu, n'kuzungulitsa lililonse kufuna minga ndi misomali, pakuti misomali inali mbwee paliponse pamene ankamanga. Ankakankha tcheni ndi chala kuti aone ngati yakhwepa. Ankaona oyilo, kuyesa mabuleki onse awiri, kenako nyale ndi hutala. Loweruka masana linali tsiku lochapa sefa ya mpweya, chifukwa fumbi lofiira la akatapila okumba misewu linkaitseka sabata imodzi yokha. Tcheni ankaitsuka ndi parafini ndi mswachi wakale, n'kuidontheza oyilo. Pulagi yapadera ankayenda nayo m'thumba la malaya, yokulunga m'kansalu kamene anapempha kwa ine.

Oyendetsa malole anawatcha Bilimankhwe, chifukwa sankathamanga. Akaona lole ikubwera ndi mtambo wa fumbi, ankapatukira pambali n'kudikira mpaka msewu uoneke. Wina akawaseka ankangoti, "Mitengo sithawa, achimwene. Ndikaipeza pomwepo."

Amene sankafuna n'komwe kuiyandikira njingayo anali mayi Evelesi. Iwo ankagulitsa masamba ndi tomato pamsika, ndipo ankapita wapansi, dengu lili pamutu. Anali ataonapo mayi wina atakokedwa pa njinga yamoto chitenje chitakodwa m'sipoko, ndiye ankati chinthu chimenecho n'cha anthu otopa ndi moyo. Koma madzulo aliwonse amuna awo ankakamba za mitengo yokhayokha: mibawa ya ku Area 10, majakaranda a ku City Centre, keshya wa njira yopita ku Area 14. Tsiku lina, m'chaka chimene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba, mayi aja anatopa nazo.

"Bambo a Sophia, zaka zinayi ndikumva za mitengo imene sindinaionepo. Kodi ilikodi?"

"Tiyeni mukaione."

"Pa basi?"

"Kumene ili basi sifika."

Kenako mayi aja anati, "Chabwino. Koma mukandigwetsa, mukafotokoze nokha kwa amalume anga."

A Zikhale anakonzekera ulendowo sabata yathunthu ngati akupita ku Joni. Anapempha chilolezo kwa a Nyasulu, amene anavomera n'kuwabwereka chisoti chachiwiri. Anapita kwa mmisiri wokhoma zidebe kuseri kwa msika, amene anawadulira malata awiri otchinga tcheni ndi sipoko za kumbuyo. Anamangirira kathabwa kopondapo mapazi, poti amayi masiku amenewo ankakhala cham'mbali. Ine anandipatsa ntchito yosoka khushoni, ndipo ndinaisoka ndi nsalu ya kaki, m'kati n'kuikamo thonje.

Linali Loweruka la mu Febuluwale. Anthu a mumzere wathu anatuluka kudzaonerera. A Zikhale anawauza akazi awo kuti apinde chitenje n'kuchipana ndi mawondo, pasatsale nsonga yolendewera. Pa chisoti ndi pamene panavuta.

"Ndivale chimphika chimenechi pamwamba pa duku? Anthu onsewa akuona?"

"Akuona lero lokha. Popanda chimenecho sitinyamuka."

Anachivala akung'ung'udza. Amuna awo anamanga lamba wa pachibwano okha, n'kuwauza kuti awagwire m'chiuno, ndipo pokhota asalimbane ndi njinga, angotsata kumene thupi lawo lapendekera. Ananyamuka pang'onopang'ono moti Sophia anawaperekeza wapansi mpaka pamphambano.

Za ulendowo ndinamva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo sizinasiyane kwenikweni. Mpaka kudutsa mlatho wa Lilongwe mayi Evelesi anali atatsinzina. Anatsegula maso atamva kuti kugwedezeka kwatha, ali pa tala watsopano wosalala. Anaona nyumba zosanjikizana za ku City Centre, zina zikadali ndi nsanja za amisiri, ndi maofesi oyera pamwamba pa phiri. Kenako anasiya tala n'kulowa njira ya fumbi ya ku Area 10, imene mvula inali itaikumba ngalande. Apa a Zikhale anatsitsa giya, n'kumayenda pamsana pa njira, kupewa mikwasa ya malole mmene munali thope.

Anaima pamzere wautali wa mibawa, uliwonse uli ndi kampanda kake ka nsungwi. Ina inkafika m'chiuno, ina paphewa.

"Mitengo yake ndi imeneyi?" anafunsa mayi Evelesi, n'kuyamba kuseka. "Ine ndimayesa nkhalango. Izi ndi ndiwo, bambo a Sophia."

"Mbawa sufulumira. Adzakhala pamthunzi ndi adzukulu."

Koma mayi aja atayenda mumzerewo anasiya kuseka. Anagwada pa kamtengo kena kofota, anafukula patsinde ndi chala, n'kupeza chiswe. Anaona kachiwiri ndi kachitatu, chimodzimodzi.

"Udzu wouma uwu mwaunjika mpaka patsinde, ndiwo ukuitana chiswe. Usunthireni patali pang'ono, patsindepo muthire phulusa. Simukumbukira mmene amayi anga ankachitira ndi malalanje?"

A Zikhale anavomera kuti anali ataiwala. Anayamba pomwepo kusuntha udzuwo, awiriwiri, mpaka mitambo inada chakum'mawa.

Pobwerera anafuna kudzera njira yachidule yowoloka kamtsinje kena kothira mu Lingadzi, kuti mvula isawapeze. Atafika anapeza madzi afiira, atakwera kale ndi mvula ya kumtunda. M'mawa wa dzulo lake a Zikhale anali atawoloka pomwepo madzi ali m'kakolo. Anazimitsa injini, anathyola ndodo, n'kulowa wapansi. Asanafike pakati madzi anali m'mawondo, ndipo pansi panali poterera.

"Tiwoloka?" anafunsa akazi awo ali kumtunda.

"Ayi. Madzi akalowa mu injini tikankha mpaka kunyumba. Ndipo akhoza kutikokolola. Tibwerere."

Mvula inawapeza akubwerera. Anathawira pa nyumba ina yaikulu yosamalizidwa, yofolera kale koma yopanda zitseko. Mlonda wa pamenepo, bambo wachikulire dzina lake a Nebert, ankawadziwa a Zikhale chifukwa ankawaona tsiku ndi tsiku akudutsa. Anawalandira m'chipinda chimene ankati chidzakhala chodyera cha kazembe wa dziko lina, ndipo pakati pake anali atasonkha moto pa lata, akuotcha chimanga chachiwisi cha m'kamunda kake ka kuseri. Anakhala pa matumba a simenti opanda kanthu n'kumakukuta chimangacho, mvula ikuwomba padenga. Mayi Evelesi anayendera zipinda zonse, n'kubwerako akuti nyumba yotere kusesa kokha kungathe tsiku.

Mvula itakata a Zikhale sanafulumire. Anati tala akangonyowa kumene amaterera ngati therere, ndiye anadikira kuti madzi atsike. Anapukuta pulagi ndi mpando, anayesa mabuleki, n'kuzungulira njira yaitali ya tala. Anafika dzuwa litapendeka, matope ali mpaka m'mawondo. Mayi Evelesi anatsika, anavula chisoti, n'kutiyang'ana tonse amene tinali pakhonde.

"Mwaonanji? Sindinafe."

Lolemba lake anatuma amuna awo ndi chitini cha phulusa chomangirira kumbuyo kwa njinga, ndipo anauza amayi anzawo a mumzere kuti asamataye phulusa. Kwa miyezi ingapo a Zikhale ankanyamuka ndi chitini chimenecho m'mawa uliwonse, mpaka a Nyasulu anauza anthu onse a ku nazale kuti azichita chimodzimodzi.

Patapita zaka, kuntchito anagulitsa njinga zakale, ndipo a Zikhale anagula yawo yomweyo, poti mwa zonse ndi yokhayo imene inkalira ndi kuponda kumodzi. Kuyambira pamenepo mayi Evelesi ndiwo ankayambitsa maulendo. Ankapita kumaliro, kuzinkhoswe, ngakhale kukaona Sophia atakwatiwa ku Likuni. Khushoni ija ndinaisokanso kawiri.

Atapuma ntchito anaganiza zobwerera ku Nathenje kukabzala magwafa ndi mapapaya. Katundu anakwezedwa pa lole ya mphwawo wa mayi Evelesi, ndipo m'lolemo munali malo a anthu awiri kutsogolo. Mayi aja anakana, nati fungo la dizilo limawachititsa nseru. Anatsanzika nyumba ndi nyumba, anandisiyira mpando umodzi umene unakanika kukwana, n'kukwera njinga ija kumbuyo kwa amuna awo. Woyendetsa loleyo anandiuza pambuyo pake kuti anafika kumudzi, anatsitsa katundu yense, anamwa thobwa, eni ake osaoneka. Anatulukira patapita maola awiri. Anali ataima panjira kuti injini ipume, ndipo mayi Evelesi anali atafungatira mtolo wa nzimbe zodulidwa bwino, zoti zisatulukire m'mbali.