Chitseko cha agogo anga chimafuna mafuta, osati nambala

Lero ndikuimba, ana anga, koma musati ndakondwa. Njuchi nayo imaimba isanalume.

Lachiwiri lapitali paima galimoto pakhomo panga, kumunsi kuno kwa mzikiti wakale. Atsika awiri, mzungu wa chipewa chachikulu ndi mwana wathu womanga tayi. Ndi akatswiri a zinthu zakale, olembedwa ntchito yoyendera nyumba zamakedzana ndi kulangiza boma. Ndinawadziwa msanga, chifukwa anabwerapo zaka ziwiri zapitazo.

Chimene amadzera ndi chitseko changa. Ee, chitseko! Anachisema agogo anga aamuna, fundi wokhoma zombo, Kotakota akadali doko. Maluwa m'mbalimu, nsomba m'munsimu, kukongola kwake, mayo ine!

Ulendo woyamba uja anachiyeza, anachijambula, n'kuchilemba nambala ndi penti yoyera. Pochoka, watayi uja anati, "Agogo, ichi ndi chuma cha dziko. Osapaka kanthu, osakanda, chikhale mmene chililimu." Apampando a chipani a m'dera lathu anali pomwepo, akugwedeza mutu. Mawu onenedwa pamaso pa apampando, ndani angawalumphe masiku ano? Ndinangoti, "Chabwino, bwana."

Komatu kwathu kuno chitseko chimadya. Ramadhani ikamatha, mayi wamkulu wa pakhomo amakazinga nsatsi, kusinja, kuphika, kuyengula mafuta. Ndiye Bisimila, kuyambira kumwamba kudzanja lamanja, kupaka, kupaka, mpaka chiti waliwali ngati mkwatibwi. Patsinde timathira phulusa. Njira za chiswe timakanda m'mawa posesa. Anatero agogo aakazi, anatero amayi, ndinkatero ine.

Zaka ziwiri ndapinda manja. Mwera wachiumitsa, chang'aluka, chiswe chapeza polowera. Nsomba ziwiri zam'munsi zija zadyedwa, kwatsala michira.

Ndiye Lachiwirilo watayi agogoda ndi chala, fumbi phu! Ayankhulana chizungu ndi mnzake, atembenukira ine.

"Agogo, mwalephera kusamala. Tikalemba lipoti kuti chizulidwe, chikasungidwe kutauni."

"Mwanawe, walephera ndani? Anandimanga manja si iwe?"

"Malamulo a ntchito yathu amatero, agogo."

"Nanga chiswe munachiwerengera malamulowo?"

Mzungu uja anafunsa kuti ndati chiyani. Mwana wathu anamasulira timawu tiwiri basi, pamene ine ndinali nditakhuthula dengu lathunthu.

Tsono ndifunse inu ophunzira. Mukapeza chinthu chakale chili chilili, n'chifukwa chiyani simufunsa kuti wachifikitsa pano ndani? Mukuyesa chinadzisunga chokha, kudikira tepi yanu yoyezera? M'buku mwanu mwalemba kutalika, mwalemba kufupika, mwalemba mtundu wa mtengo. Manja a amayi anga ali patsamba liti?

Si ine ndekha. Mlamu wanga wa kwa Malengachanzi, manda a makolo ake anawazinga ndi waya, ati asungike. Eni ake sakulowanso kukalambula. Lero muli tchire, muli njoka, koma chikwangwani pakhomo mbee!

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, ndikuvomera. Koma kalumo kakuthwa kamafunsa kaye mwini mutu.

Boma sindikulinyoza ayi, mundimvetse. Khadi langa la chipani lili pampango pano, ndipo tizilembo timeneti ndinatolera kusukulu ya kwacha, ndikuthokoza. Ndikunena awa olemba malipoti, amene amakonda matabwa a akufa koma kufunsa nkhalamba yamoyo amaona ngati kutaya nthawi.

Lachitatu m'mawa ndinakazinga nsatsi. Mnzanga woyandikana naye, Mwanaisha, atamva fungo anathamanga.

"Amwali, mumangidwatu!"

"Andimange manja ali noninoni, amwali. Bweretsa chisanza."

Tinapaka awiri, tikuimba. Chitseko chinamwa ngati mwana wochokera kudzuwa, chinamwa, chinamwanso. Nambala yawo sindinafute, ndinangoyidutsa m'mbali, asadzati nkhalamba yawononga katundu.

Akuti lole idzabwera. Ibwere. Idzandipeza nditakhala pakhomopa, botolo la mafuta pamwendo, ndipo ndidzawafunsa funso limodzi lokha, mzunguyo amumasulire lonse: kutauni kwanuko, Ramadhani ikatha, adzakazinge nsatsi ndani?