Mwendo wa Ng'ombe Umene Unabwezedwa

Ndikukumbukira chaka chimene achemwali anga a Rozaliya ankakwatiwa, ine ndili mtsikana wa zaka khumi. Tinkakhala ku Kamushanga. Bambo ankagwira ntchito kunjanji, koma mtima wawo unali pa ng'ombe zawo zinayi zimene zinkadya kudambo, kunja kwa tauni. Sizinalaweko gaga kapena chimanga. Udzu basi.

Ukwati utayandikira, bambo anapha yonenepa kwambiri. Nyama yake inali yofiira bii, mafuta achikasu ngati dzungu. Mwa mwambo, mwendo umodzi unapita kwa akuchimuna, amene ankakhala kukomboni ya Railways.

Dzuwa lisanapendeke, mwendowo unabwerera panjinga. Azakhali a mkwati, amene anamulera, anati mafuta achikasu ndi a ng'ombe yodwala, ndipo ngati alendo adyetsedwe zimenezo, iwo ndi abale awo sadzapondako kuukwati. Anazolowera nyama ya kubutchala, ya mafuta oyera, ya ng'ombe zonenepetsedwa ndi chimanga m'mafamu.

A Rozaliya analira mpaka maso kutupa. Bambo anayamba kufunafuna nsapato kuti akaime pamzere kubutchala. Amayi anawalanda nsapatozo.

Anasenza mwendo uja, ine anandisenzetsa mbaula, ulendo wa ku Railways. Tinakoleza makala pageti penipeni pa azakhaliwo. Amayi anadula nyama, kuwaza mchere wokha. Mafuta atayamba kudontha pamoto, fungo linalowa nyumba iliyonse mumsewu umenewo.

"Asewere, chokani panja muone vamene ng'ombe yodwala ichita ku mwana wanga!" anafuula amayi poitana azakhaliwo kuti atuluke m'nyumba, akundipatsa nthuli yotentha.

Ndinatafuna monyada, mafuta akuyenderera m'chigongono. Inali yolimbirako, koma yokoma mpaka m'fupa. Anthu anatizungulira, aliyense dzanja patsogolo. Kenaka mkwati anatuluka, nagwada pamaso pa amayi.

"Amama, nipaseniko naine."

Anadya azakhali ake akuyang'ana pawindo. Ukwati unachitika. Azakhaliwo anabwera ndithu, koma atanyamula nkhuku yawoyawo m'kapoto.

Lero padambo paja pali nyumba zokhazokha. Adzukulu anga amandigulira nyama ya m'mapepala imene imangotuluka madzi mumphika, n'kumadabwa ndikaikankhira pambali. Amati ndine wamakani. Sindikana. Azakhali aja anapita kumanda asanavomere kuti analakwa, ndipo ine, ndi imvi zonsezi, sindinawakhululukirebe.