Mizere Imene Ndinabandira

Atate, lero m'kalasi ndimaonetsa ana timizu ta chimanga, tija tonga ubweya timene timayamwa madzi m'nthaka kuti akwere mpaka kumasamba. Phunzirolo ndinalimaliza movutika. Ndinakumbuka ng'amba ya 1992 kumunda kwathu ku Zemba. Munandiletsa kubandira. Munati, "Iwe, dothi lauma ili. Khasu likadula mizu, chimanga chimwa ndi chiyani?" Ine ndi Giredi 12 yanga ndinayankha kuti buku la zaulimi likunena kuti sabata yobandira yakwana. Mutapalasa njinga kupita ku boma, ndinabandira mizere khumi ndi iwiri.

Ndakhala ndikudziuza kuti chaka chimenecho chilala chinawononga minda ya aliyense, ndipo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti mizere yangayo inafota patangopita masiku atatu, pamene inayo inapirira n'kutipatsako kachimanga kochepa. Munazula phesi limodzi n'kuyang'anitsitsa mizu yodukayo, ine osandiyang'ana. Titafika kunyumba amayi anafunsa chimene chinafotetsa mizere ija, inu munangoti, "Ndi dzuwa." Munatisiya musanandimve ndikuvomera kulakwa kwanga. Amayi adakali moyo, ndipo mpaka lero akanena za njala ija amati linali dzuwa. Loweruka ndikupita kukawaona. Sindikudziwa ngati ndikawauza.